Lisiti Lomaliza la Bai Prodan

Bai Prodan (kwathu kuno "Bai" ndi ulemu wa bambo wachikulire) sankagula kanthu popanda kufunsa lisiti lolembedwa dzina la kampani yawo. Tauni yathu yonse inkadziwa zimenezi, kuyambira wogulitsa buledi mpaka wansembe. Wam'sitolo akangowaona akutulukira pakona, chipewa chili chopendekera, chidindo cha kampani chikukoka thumba la jekete, ankayambiratu kufufuza cholembera. Buledi mmodzi, lisiti. Machesi, lisiti. Amati pa ukwati wa mwana wawo, atavina n'kufupa oimba, anakamugwira pamkono woimba akodiyoni n'kuyamba kumutchulira dzina la kampani ndi nambala yake. Umboni wa nkhani imeneyi palibe, koma mwa onse amene anawadziwa palibenso anaitsutsapo.

Kampaniyo inali iwo okha: mwini wake iwo, bwana iwo, wosesa iwo omwewo. Inali m'kachipinda kuseri kwa positi ofesi, ndipo ntchito yake inali kusindikiza mapepala a maliro, aja timamata pazipata, pamitengo ndi pakhomo la tchalitchi munthu akatisiya, chithunzi chake pakati, dzina ndi zaka m'munsi. Pakatha masiku makumi anayi timamata lina, pakatha chaka linanso. Choncho ntchito sinkasowa, ndipo aliyense ankadziwa kuti tsiku lina nkhope yake idzadutsa m'manja mwa mkuluyu.

Amene ankasenza mtanda wa malisiti onsewa anali Nedyalka, mayi wamasiye wolemba mabuku a ndalama a timakampani khumi ndi tisanu n'tiwiri ta m'tauni muno. Mwezi ukatha, Bai Prodan ankafika ndi katoni ya nsapato yodzaza thoo, n'kuikhuthulira patebulo pake. Nedyalka anali ndi mabokosi awiri: lina la malisiti olowa m'mabuku, lina la okanidwa.

"Bai Prodan, ili n'lachiyani?"

"Kumeta."

"Kampani ili ndi tsitsi?"

"Kampani ndine. Ukufuna anamfedwa azilandiridwa ndi munthu wooneka ngati tsache?"

Lisiti lija, m'bokosi la okanidwa.

"Nanga makandulo asanu a kutchalitchiwa?"

"Kusaka makasitomala. Okalamba onse amapezeka kumeneko."

"Wansembe mpaka anakulemberani lisiti?"

"Anakana kawiri. Kachitatu ndinakakhala pakhonde pake nthawi ya nkhomaliro, ndikumuyang'ana akudya."

Nedyalka anatopa nazo mpaka anasiya kuwerenga. Akangoona kuti lisiti si la mapepala, inki kapena guluu, ankaliponya m'bokosi lachiwiri osaliyang'ana n'komwe. Bai Prodan sankakwiya. Kwa iwo anali masewera, ndipo pa zaka makumi awiri ndi ziwiri anawinako kangapo: nsapato zinalowa chifukwa ankayenda nazo pomata mapepala, ambulera nayo inalowa. Pansi pa zonsezo panali siginecha ya Nedyalka.

Ndiye m'Januwale wa chaka chija anafika atanyamula kanthu kokulunga mu mpango wa malemu akazi awo. Anafunyulula pang'onopang'ono. Inali tabuleti, chifoni chachikulu chophwatalala chija, yatsopano, ya maleva, ndalama zathu za kuno, mazana asanu n'limodzi ndi makumi anayi.

"Ya kampani," anatero. "Yoonetsera anamfedwa zitsanzo. Azisankha okha maluwa ndi mitanda."

"Bai Prodan, inu foni yanu ya mabatani mumaiyankha mozondotsa."

"Kampani ikupita patsogolo, mwanawe."

Nedyalka ankadziwa bwino kumene kampaniyo inkapita. Bilyana, mwana yekhayo wa Bai Prodan, anali ku Valencia, mzinda wa kutali kunja kwa dziko lino, ndipo anali atangobereka mwana wamwamuna. Mkuluyu anali atanena kuti apita kukamuona mdzukulu, kenako anangosintha maganizo osanena chifukwa. Nedyalka analigwira lisiti lija pamwamba pa mabokosi awiriwo kwa nthawi. Anayang'ana mpango uja, nayang'ana manja okalamba akuusisita. Mtima unamugonja, analiponya m'bokosi loyamba.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse Bai Prodan ankakhala m'kafe ya pabwalo, kumene intaneti inali yaulere, n'kumakuwira tabuletiyo ngati Valencia ili kutsidya kwa mtsinje. Tauni yonse inadziwa tsiku limene mwana anayamba kuseka, ndi tsiku limene anadzimbidwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kumayambiriro kwa Juni kunabwera bambo wa ku ofesi ya msonkho, dzina lake Chavdarov, wowonda, wolankhula motsitsa. Nedyalka anamupatsa khofi, iye anakana mwaulemu. Apo m'pamene Nedyalka anadziwa kuti zinthu zavuta, chifukwa kwathu kuno munthu wokana khofi sanabwere kudzacheza.

Anakumana m'kachipinda ka Bai Prodan. Chavdarov anatembenuza mabuku mwakachetechete, nafika pa tabuleti, napempha kuti aione. Anaitsegula. Munali zithunzi za khanda mazana asanu ndi atatu, za denga la kafe makumi anayi, ndi zingapo za mphuno ya Bai Prodan yojambulidwa kuchokera pansi. Pepala la maliro munalibe ngakhale limodzi.

Ali chigwirire, tabuletiyo inalira. Chavdarov anaikhudza mwangozi, ndipo panatulukira Bilyana atanyamula mwana, akufuula kuti, "Moni kwa agogo! Baibitsa agogo!"

Nedyalka analakalaka pansi patatseguka.

"Kasitomala wa kunja ameneyo," anatero Bai Prodan, nkhope ili gwa.

"Kasitomala wanuyu ali ndi miyezi ingati, bambo Gochev?" anafunsa Chavdarov, akuwatchula Bai Prodan ndi dzina la makolo awo.

"Isanu ndi umodzi. Ife timayamba msanga kuwasamalira."

Chavdarov sanaseke. Anatseka tabuleti ija, natembenukira kwa Nedyalka, osati kwa mwini wake.

"Mayi, msonkho wa kachipangizo aka ndi ndalama yochepa. Koma ndikapeza kuti munasainira chinthu chosakhala cha ntchito, ndiyenera kudzifunsa kuti mwasainira zina zingati. Ndikupatsani masiku makumi atatu. Mudzandionetse ntchito imodzi yoyambidwa ndi kumalizidwa pa tabuleti imeneyi, yolipiridwa, ya lisiti lake. Osati mapepala a chikumbutso aja ali kale m'kompyuta yakale mumangosintha deti. Ntchito yatsopano. Ikapanda kupezeka, nditsegula mabuku a zaka zisanu a makampani onse amene pali dzina lanu."

Atatuluka, Nedyalka anakhala pansi pa mulu wa mapepala. Mabuku ake anali oongoka, kupatula tinsapato ndi tiambulera ta munthu mmodzi yemweyu. Koma m'tauni yaing'ono anthu sadikira chigamulo. Akangomva kuti a msonkho akufwanyula mabuku awo chifukwa cha Nedyalka, onse khumi ndi asanu ndi awiri adzanyamula mafayilo awo tsiku limodzi. Pa msinkhu wake, ndani akanamulembanso ntchito?

"Mwandipha, Bai Prodan," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukukanirani, tsiku limodzi lokha ndakumverani chisoni, mwandipha."

"Usalire, Nedyalka iwe. Ntchito imodzi yokha? M'tauni muno mwezi sutha opanda maliro."

Mwezi umenewo unakana. Anthu a tauni ino, amene chaka chonse amadandaula msana, shuga ndi mtima, anangoti onse gwa ngati achita kupangana. Baba Stoyka, gogo wamkazi wa zaka makumi asanu ndi anayi mphambu zinayi, amene wansembe anali atawapempherera za kutsanzika katatu konse, anaonedwa akupalira matimati dzuwa lili paliwombo. Sabata yoyamba inatha, belu la maliro osalira. Nedyalka anadzipeza akutsegula zenera m'mawa uliwonse n'kutchera khutu kutchalitchi. Ankachita manyazi, n'kudzilemba mtanda, mawa lake n'kutseguliranso zenera lomwelo.

Bai Prodan sanakhale manja lende. Anaganiza zoti ngati akufa kulibe, ayambiretu ndi amoyo. Anatuluka ndi tabuleti ija ataigwira ndi manja awiri kutsogolo kwa nkhope, n'kumazungulira pabwalo.

"Zhelyo, taima pomwepo! Kweza chibwano!"

Zhelyo wometa anthu, mnzawo wa kuubwana, anaponya lumo pansi. "Ukundijambuliranji, satana iwe?"

"Kukonzekera basi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Kajambule amako kumanda!" anakuwa Zhelyo, n'kudzitsekera m'shopu, kasitomala ali ndi thovu theka la nkhope.

Pofika Lachitatu, okalamba akangoona chipewa chopendekera chija ankamwazika ngati nkhuku zaona kabawi. Mabenchi a pabwalo anakhala opanda anthu. Amuna anasiya masewera awo a patebulo pakati, makapu a rakiya, kachasu wa kwathu kuno, ali osamaliza. Baba Stoyka anawathira madzi otsukira mbale kuchokera pawindo, n'kuwatukwana mpaka agogo awo. Wansembe anachita kuwapempha kuti chipangizocho asamalowe nacho m'bwalo la tchalitchi, poti anthu ayamba kujomba mapemphero.

Kenako zinatembenuka. Lachisanu m'mawa Baba Stoyka yemweyo anafika pakhomo la kampani atavala diresi la pa Isitala, ndolo zili ngwe.

"Jambula, mfiti iwe," anatero. "Ndaganiza. Mnzanga Penka unam'mata ndi chithunzi cha pachiphaso, chaka chonse anaoneka pamtengo paja ngati wakuba wofunidwa ndi apolisi. Ine zimenezo ayi. Tenga mbali iyi, inayo kulibe mano."

Mawa lake panali mzere. Okalamba anabwera atameta, atavala mamendulo ndi mataye a pa ukwati, akukangana za amene anafika poyamba. Zhelyo anabweranso, najambulitsa kanayi chifukwa dazi linkanyezimira. Nedyalka atamva anathamangira komweko mtima uli m'mwamba.

"Alipira angati?"

Bai Prodan anakanda m'mutu. "Kujambulitsa akulola. Koma kulipiriratu pepala lako la maliro, akuti ndiye kuitumizira imfa ndalama ya basi."

Palibe analipira ngakhale khobidi. Zithunzi zinafika makumi asanu n'limodzi, lisiti osapezeka. Masiku anatsala khumi, kenako asanu ndi awiri. Mwini garaja, kasitomala wamkulu wa Nedyalka, anamuimitsa pamsewu n'kumufunsa ngati zimene akumvazo n'zoona. Nedyalka anasiya kudya. Anayamba kulongedza mafayilo a anthu m'makatoni kuti tsikulo likadzafika asadzachite manyazi kawiri.

Kutatsala masiku anayi, Bai Prodan anakwera masitepe a ofesi yake, katoni ya nsapato ili m'khwapa ngakhale mwezi unali usanathe. Anafika akupuma movutikira, nakhala pampando osadikira kuuzidwa.

"Kasitomala ndam'peza."

"Ndani wamwalira? Belu sindinalimve."

"Chinsinsi cha kampani. Koma walipiriratu, ndalama yonse. Munthu wovuta, koma pa malipiro alibe mlandu."

"Bai Prodan, mukandibweretsera lisiti labodza ndiye mundimangitsa. Simunakhutire? Siyani katoni yanuyo, muzipita."

"Kakhofi kokha, mwanawe?"

"Watha."

Khofi analipo, ndipo onse awiri ankadziwa. Mkuluyo anaimirira pang'onopang'ono, nakonza chipewa, natsika masitepe atagwira khoma. Katoni ija Nedyalka sanaitsegule.

Patapita masiku awiri, m'mawa, belu linalira. Kamodzi, n'kudikira, kenanso kamodzi, kaliridwe ka maliro. Nedyalka anali pazenera, ndipo Mulungu amukhululukire, mtima wake unadumpha ndi chimwemwe. Anatsika masitepe ndi masilipasi, nadutsa pabwalo akuthamanga kuti akawauze Bai Prodan agwire tabuleti msanga, asaiwale lisiti. Anakhota kuseri kwa positi ofesi. Chitseko cha kampani chinali chotseka. Pakhomopo panaima Zhelyo, chipewa chili m'manja, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Ndam'peza pabenchi kumunda kwake," anatero. "Paipi yothirira tsabola ikadali m'manja, madzi akungotayika."

Nedyalka sanakumbuke m'mene anabwererera ku ofesi. Anatsegula katoni ija. Pamwamba panali tabuleti yokulunga mu mpango. Pansi pake panali mapepala a maliro makumi atatu osindikizidwa kale. Chithunzi anadzijambula okha, pafupi kwambiri, chipewa chopendekera, akumwetulira mano onse pamtunda, chinthu chimene sichinaonekepo pa pepala la maliro m'tauni muno. Malo a deti anali opanda kanthu. Pansi penipeni panali lisiti. Wogulitsa: kampani. Wogula: Prodan Gochev. Mapepala makumi atatu, zalipiridwa, chidindo chofiirira bwino. Kuseri analembako ndi pensulo kuti, "Ili usaliponye m'bokosi lachiwiri."

Anatenga cholembera nalemba deti pa mapepala onse makumi atatu, limodzilimodzi. Iye ndi Zhelyo anazungulira tauni ndi ndowa ya guluu.

Chavdarov anabwera pa tsiku lake lenileni, maliro ataikidwa dzulo lake. Kuchokera pa siteshoni ya basi mpaka ku ofesi ya Nedyalka anadutsa nkhope yomwetulira ija pa mtengo uliwonse. Komabe analowa ndi chikwama chake, nakhala pansi, natulutsa magalasi. Nedyalka anamuikira patebulo tabuleti, pepala limodzi ndi lisiti. Bilyana, amene anali atafika ndi mwana kudzaika bambo ake, anaima pakhomo.

Bamboyo sanafulumire. Anatsegula tabuleti nafufuza tsiku limene pepalalo linakonzedwa. Anayerekeza nambala ya lisiti ndi ya lisiti lapitalo. Anafunsa ngati ndalamayo inalowadi m'kabati ya kampani, Nedyalka namuonetsa envulopu. Anaiwerenga yonse, mpaka timakobidi.

"Anasindikiza bwanji kuchokera pa tabuleti?"

"Mwamuna wanga anawaphunzitsa," anayankha Bilyana. "Masiku atatu akukuwirana pa tabuleti yomweyo. Anatiuza kuti ndi za kasitomala wofunika."

"Nanga deti ili, analemba ndani?"

"Ndine," anatero Nedyalka.

Chavdarov analiyang'ana pepala lija nthawi yaitali. Kenako anavula magalasi, nalemba mizere iwiri m'fayilo yake, nasaina, naitseka.

"Ntchito yoyambidwa ndi kumalizidwa pa chipangizo cha kampani," anatero. "Mabuku anu sindiwakhudza, mayi." Anabweza fayilo m'chikwama. "Khofi uja munandipatsa tsiku lija, ngati akadalipo."

Anamwa, nadyako supuni ya tirigu wowiritsa wa pamaliro, nanena monga tinenera tonse kuti Mulungu awakhululukire malemu, n'kupita kukakwera basi.

Onse atachoka, Nedyalka anakoka bokosi lachiwiri lija, la okanidwa, kuti alitaye. Koma anayamba kuwerenga, koyamba pa zaka zambiri. Pakati pa malisiti a kumeta ndi a makandulo panali ena a kwa dokotala wa mtima mumzinda, oyambira Januwale, mwezi womwe tabuleti inagulidwa. Mwezi uliwonse analipo, ena awiri, ena atatu, pamodzi ndi a mankhwala. Kuseri kwa lililonse analembako ndi pensulo yomweyo kuti, "Kukonzetsa makina aakulu a kampani." Mkuluyo anali atamuuza mwezi ndi mwezi, mwa njira yokhayo imene ankaidziwa, ndipo iye ankangoponya osayang'ana. Apo m'pamene Nedyalka analira, kulira kwenikweni kofuula, mpaka wogulitsa mankhwala m'chipinda cha pansi anakwera kudzaona.

Tauni yathu tsopano yazizira. Mizere ya m'sitolo ikuyenda msanga, ndipo palibe akukondwera nazo. Wogulitsa buledi akuti m'mawa uliwonse dzanja limapitabe lokha kukafuna cholembera. Lamulungu m'kafe muli bata lotopetsa, nkhani za ku Valencia sitikuzimvanso. Kachipinda kaja katsekedwa, koma tabuleti Nedyalka anaigula ku kampani, ndi lisiti lake, chifukwa muli nkhope makumi asanu n'limodzi za anthu ovala bwino amene akuyembekeza nthawi yawo. Baba Stoyka amabwera mwezi ndi mwezi kudzaona ngati chithunzi chawo chikadalimo.

Atakwana masiku makumi anayi, panalibenso wosindikiza pepala la chikumbutso m'tauni muno. Nedyalka anakwera basi kupita ku tauni yoyandikana nayo, nasindikizitsa makumi atatu, chithunzi chomwe chija. Atalipira, mayi wa pakauntala anamufunsa ngati akufuna lisiti.

"Lembani," anatero Nedyalka.

"Dzina la ndani?"

Nedyalka anatchula dzina la kampani ya Bai Prodan, ndi nambala yake yonse, osaonera paliponse.